Mawu a Azakhali M'buku la Bambo

Bambo anga analemba buku limodzi lokha, ndipo ine ndinakula ndikulinyadira ngati ndinalemba ndine. Anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo bukulo linasindikizidwa ine ndikadali wovala kabudula wamkati yekha, ndi kakampani kena kamene kanatha kalekale. Silinafike pokhala buku la mayeso. Kunena zoona, anthu a pa Mitundu amene analiwerenga mpaka kumapeto sangadzaze minibasi. Koma aliyense ankadziwa kuti aphunzitsi aja analemba buku, ndipo zimenezo zinkakwanira. Pamaliro ankawapatsa mpando, pamsonkhano ankawasiyira mawu omaliza. Bambo wina wachisilamu wa sitolo ya nsalu ankawaitana kuti alembi, ndipo ine ndikapita kukagula ulusi ankandiwonjezera switi chifukwa ndinali mwana wa alembi.

Nkhani ya m'bukumo si yaitali. Mtsikana wina anakwatiwa, natengedwa chitengwa kukakhala kumudzi kwa mwamuna wake. Zaka zinapita, mimba osaoneka. Apongozi anayamba kumunena kuti ndi chumba, anamuyendetsa kwa asing'anga, anamumwetsa mizu yowawa, uku iye akulima fodya, kuthyola, kusoka ndi kusankha, phindu lake osaliona. Pambuyo pake akuluakulu anazindikira kuti vuto linali ndi mwamunayo, amene anadwala matsagwidi ali wamkulu kale. Pofuna kumubisira manyazi, anagwirizana mwachinsinsi zolowetsa fisi, mwamuna wina wodzapereka mimba m'malo mwa mwini nyumba. Mkaziyo anangomuuza, sanamufunse. Iye anayankha mawu ochepa chabe: "Muzimitse nyali, ndisamudziwe. Ndikamudziwa, ndizidzamupatsa moni wotani kuchigayo?" Mwana wamwamuna anabadwa, mudzi unayamikira bambo wa panyumbapo, ndipo m'mutu womaliza mkaziyo anamwalira ndi chifuwa, akumwetulira.

Nditapita ku koleji ndinakumana ndi mphunzitsi wina wamkazi, wometa tsitsi lonse, wa ndolo zikuluzikulu, amene anatiphunzitsa kuwerenga buku ndi maso a mkazi. Kumudzi amangoti za jenda. Iye ankati ukatsegula buku uzifunsa kuti akulankhula ndani, wakhala chete ndani, akugwira ntchito ndani, nanga akudya phindu ndani. Mafunso amenewa anandilowa ngati mowa. Ndinayamba kuwafunsa paliponse, kutchalitchi, m'minibasi, ngakhale pa ukwati wa eni ake, mpaka anzanga anasiya kundiitana.

Itafika nthawi yolemba chimangirizo chachitali cha chaka chomaliza, sindinavutike kusankha. Ndinatenga buku la bambo. Ndinalemba kuti mkazi wa m'bukumo amamuona ngati munda, woti akalephera kubzala mwini wake, abale amangofuna wina wodzabzala, zokolola n'kukhalabe za mwini. Ndinalemba za apongozi ndi anankungwi, akazi amene amalondera mwambo womwe unawapweteka iwo eni. Pa mawu a kuchigayo aja ndinathera masamba ambiri. Ndinati mlembi waonetsa luso lalikulu, chifukwa mkaziyo sakulira ndipo sakutukwana, akungoganiza za mawa, za momwe adzakhalire pamudzi ndi anthu amene amuchita zimenezi.

Panali kanthu kena kamene ndinadzitama nako kwambiri, poti ndinakaona ndekha. M'buku lonselo mkaziyo alibe nkhoswe. Ife tonse tikudziwa kuti nkhani yotere siingakambidwe popanda mlongo kapena malume wa mkazi, amene anaimira ukwatiwo. Koma m'bukumo mbali ya mwamuna ilipo yonse, ya mkazi kulibe ndi mmodzi yemwe. Ndinalemba kuti mlembi anachita dala, pofuna kutionetsa kuti mkazi wa chitengwa ali yekhayekha. Mphunzitsi wa ndolo uja anachonga pamenepo kawiri. Bambo nawo anawerenga chimangirizocho pakhonde, magalasi ali pamphuno, ndipo atamaliza anati, "Waona zimene ine mwini sindinazione." Ndinasangalala sabata yathunthu.

Papita zaka zambiri chichokereni ku koleji, ndipo tsopano ndimaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina yoyendera pafupi ndi Nathenje. Chaka china ahedi anandipempha kuti ndikonze sewero la tsiku la makolo. Ndinaona kuti mwayi wafika. Bambo anali atapuma ntchito, maso akufooka, anthu atayamba kuiwala kuti analembapo buku. Ndinasandutsa bukulo sewero, ndinajambulitsa mapepala pa malo ojambulira a pamsika, ndinagawira ana a Fomu 3. Bambo ndinawaimbira foni kuti adzakhala mlendo wolemekezeka. Anayamba akana mwaulemu monga amachitira anthu ofuna, kenako anafunsa kuti adzalankhula nthawi yaitali bwanji.

Mbali ya mkazi uja ndinapatsa mtsikana amene ndinkakhala naye m'nyumba. Ndi mwana wa msuweni wanga, mdzukulu wa azakhali anga, mlongo wa bambo. Kwawo ndi mudzi wina kuseri kwa Mitundu, kutali ndi sekondale, ndiye ndinamutenga kuti aziphunzira ali kwa ine. Sindinamukondere ayi. Mwanayo ali ndi mawu omveka mpaka kumpanda wa sukulu, ndipo akati alire pa sewero, ngakhale anyamata osokosa a kumbuyo amakhala chete. Tchuthi chapakati pa teremu chitakwana, anapita kwawo ndi mapepala ake kuti akaloweze.

Anabwerako Lamlungu, ndipo Lolemba masana, ine nditathawira kunyumba kudzamwa tiyi, ndinamva njinga yamoto ya kabaza ikuima pakhomo. Anatsika azakhali, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, atanyamula jumbo ya mtedza. Ndinadabwa, chifukwa azakhali sayenda popanda maliro kapena ukwati. Ndi mayi wamasiye, wamtali, wa phwete lomveka patali. Tsiku la msika pa Mitundu sufunsa kuti akhala pati, umangotsata kuseka. Sukulu sanaipondeko. Agogo anali ndi mphamvu yophunzitsa mwana mmodzi, ndipo anasankha wamwamuna.

Tsiku limenelo sanafike akuseka. Titapatsana moni anafunsa kuti, "Mwana uja ali kuti?"

"Ali m'kalasi, azakhali."

"Chabwino. Tseka chitseko."

Ndinatseka. Anakana mpando, anakhala pamkeka, natambasula miyendo.

"Dzana mdzukulu wanga amatsuka mbale kuseri kwa nyumba, akulankhula yekha," anatero azakhali. "Ine ndimasenda mtedza, bambo ake amapopa njinga. Ndiye ndinamva akuti, muzimitse nyali, ndisamudziwe, ndikamudziwa ndizidzamupatsa moni wotani kuchigayo. Ananena kawiri, kachitatu akulira. Ndati ndikufunse iwe amene umamusunga. Mawu amenewa wawatenga kuti?"

Ndikafika apa manyazi amandigwira mpaka lero, chifukwa ine ndinasangalala. Ndinaganiza kuti sewero langa lakhudza ngakhale mayi wosawerenga. Ndinakhala bwinobwino pampando ngati ndili kutsogolo kwa kalasi, ndinayamba kufotokoza. Ndinawauza kuti ndi mawu a m'buku la achimwene awo. Ndinawakambira nkhani yonse, chitengwa, mizu, fodya, fisi. Ndinawonjezeranso zanga za ku koleji, za kuponderezedwa kwa amayi, za mkazi wosandutsidwa munda. Ndinafika powafunsa kuti, "Kodi azakhali, m'masiku anu zoterezi zinkachitikadi?" Iwo ankangoyang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Za matsagwidi analembamonso?" anafunsa.

"Eya, zilimo."

"Chigayocho ndi chiti?"

"Akuti chinali pafupi ndi dibi la ng'ombe."

"Mudzi anautchula?"

"Dzina anasintha."

"Dzina lokha," anatero, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Nanga mkaziyo zinamuthera bwanji?"

"Anamwalira, azakhali. Ndi chifuwa."

Apo ndi pamene anaseka, koma osati kuseka kwa pamsika kuja. Kunali kwakufupi, kotulukira m'mphuno.

"Ndiye achimwene anandiphanso," anatero.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji kapu ili m'manja. Ndikukumbuka kuti ndinayamba kuona zinthu zimene ndinakhala ndikuzidziwa moyo wanga wonse. Azakhali anakwatiwa chitengwa. Ali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, amene anabwera mochedwa. Dibi la ng'ombe lija ndinkalidutsa ndikamapita kwawo patchuthi. Zonsezi ndinali nazo m'mutu, mbali ina, ndipo buku linali mbali ina, ndipo ine wa maso a mkazi sindinaziphatikizepo.

"Tsiku limene anandiuza za fisi, m'nyumba muja tinalimo anthu owerengeka," anapitiriza azakhali, mawu ali pansi. "Ine, malemu amuna anga, amalume awo, ndi nkhoswe wanga. Awiriwo anapita nazo kumanda. Nkhoswe wanga ndi bambo ako. Dzulo lake ndinali nditawagwira mwendo kuti anditenge tizipita kwathu. Anati mlongo, banja n'kupirira, ukabwerera anthu atiseka. Ndiye ndinapirira. Mawu ajawo ndinanena ndikuyang'ana iwowo, poti ndi amene ndinkati andimvera chisoni."

Safunsa anadya phula. Ndinali nditafunsa bukulo mafunso onse amene anandiphunzitsa, koma sindinafunsepo bambo kuti mkazi ameneyu anamutenga kuti. Ndinkaganiza kuti anamupeka, chifukwa ndinkafuna kuti bambo anga akhale munthu wotha kupeka mawu otero.

"Ine ndakalamba, manyazi anga atsala a masiku ochepa," anatero azakhali. "Koma mwana wanga. Iwe ukudziwa kuti munda ndi dimba akulimazo ndi za kuchimuna. Ana a mlongo wa malemu akhala akuzicheukira kuyambira tsiku la maliro. Chimene chimawatseka pakamwa n'chakuti malemu ananena pamaso pa anthu kuti zanga zonse ndi za mwana wanga. Akadzamva kuti si magazi awo, amusamutsa asanakolole. Apita kuti ndi ana? Kwathu malo anatha."

"Koma azakhali, bukuli lakhalapo zaka zonsezi."

"Buku limakhala chete. Iwe ukufuna kuliimika pabwalo. Mdzukulu wanga waitana mudzi wonse kuti udzamuone akuchita sewero, ndipo agwirizana kale zobwera pa lole. Muli azimayi akale m'menemo, amene anandiperekeza kwa asing'anga, amene ankaphikira malemu phala nthawi ya matsagwidi. Kuwerenga sadziwa, koma kuona amaona. Adzamva za dibi, adzaona nkhope ya mwanayo, amene akuti anatengera ine. Ukuganiza kuti pobwerera pa lolepo adzakamba za chiyani?"

Ndinawalonjeza kuti sewerolo silichitika. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyesa tomato ngati ali wolimba.

"Mwana wanga asadziwe," anatero. "Malemu anamukonda, ndipo iye amawatchula mpaka lero akamapemphera. Ndamusungira zimenezi moyo wake wonse. Usandiwonongere."

Kenako anapempha tiyi. Anamwa makapu awiri ndi buledi, anandifunsa chifukwa chimene sindikonzetsera denga lodontha, anandiuza kuti mtedzawo ndiukazinge usanafumbwe. Wa kabaza anali akudikira pansi pa mtengo wa mango. Anakwera chammbali, atagwira chitenje, ndipo anapita mwana uja asanaweruke.

Loweruka ndinapita kwa bambo. Ulendo wonse ndinkakonza mawu, ena aukali, ena aulemu, ndipo ndinafika pa Mitundu ndisanasankhe. Chinthu choyamba kuchiona pakhomo chinali suti yawo yakuda, atayiyanika pachingwe kuti ichoke fungo la m'sutikesi. Iwo anali pakhonde, akulemba zodzalankhula pa tsiku la makolo. Amayi anamwalira kale, ndiye panalibe woti n'kutilowa pakati.

"Azakhali anabwera kwathu," ndinatero nditakhala pansi. "Amva mawu a kuchigayo aja."

Bambo anavula magalasi, anayamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya.

"Mayina ndinasintha," anatero.

"Dibi simunasinthe. Matsagwidi simunasinthe."

"Ndinalemba kuti anthu aone kuipa kwa mwambowo, mwana wanga. Zinkandipweteka. Ndinalibe kwina kozitula."

"Nanga nkhoswe ali kuti m'bukumo, bambo?"

Nkhuku inakwera pakhonde, anaiingitsa ndi phazi.

"Ndinali mnyamata," anatero. "Akuluakulu anali atagwirizana kale. Ukanafuna ndilembe kuti chiyani?"

"Mukanawapempha eni ake mawu."

"Mlongo wanga sawerenga. Ndinkadziwa kuti sizidzamufika."

Ananena zimenezi mofatsa, ngati munthu amene akusonyeza kuti anasamala. Ine mtima unandiwira. Ndili ndi pakamwa, aliyense amene anakhala nane amadziwa, ndipo tsiku limenelo sindinapagwire.

"Sawerenga chifukwa kusukulu munapita ndinu," ndinatero. "Anakusinjirani mphale kuti muphunzire. Atakugwirani mwendo munawabweza. Kenako munatenga kulira kwawo, mwakusindikiza, anthu akupatsani mpando pamaliro. Pomaliza mwawapha ndi chifuwa kuti buku lithe bwino."

Bambo sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanatero. Ndinaona kuti kolala ya malaya awo yatha, kuti akalamba kuposa momwe ndinkaganizira. Manyazi ena anandigwira pamwamba pa oyamba aja. Ine amene ndinkawaweruza ndinali nditadya nawo. Switi za kusitolo ndinadya, satifiketi ya ku koleji ndinaitenga ndi mawu omwewo, ndipo ntchito imene ndikudyera lero inachokera pamenepo. Pa funso lija lakuti akudya phindu ndani, dzina langa linali lachiwiri.

"Ndiye sewero lija?" anafunsa patapita nthawi.

"Kulibe."

"Anthu ndawauza kale."

"Muwauze kuti ahedi asintha pulogalamu."

Anayang'ana suti ija pachingwe, kenako anapinda pepala lawo pakati, nalilowetsa m'thumba. Ndinayembekeza kuti anena zopita kukaonana ndi mlongo wawo. Sananene, ndipo ine sindinawakakamize. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kuti bambo akapepese poyera, anthu akanafunsa kuti akupepesa chiyani, ndipo wosweka akanakhala azakhali omwewo. Ndinawaphikira chakudya chamasana, tinadya osayang'anana, ndinanyamuka dzuwa likadalipo.

Kwa ahedi sikunavute. Ndinawauza kuti nkhaniyo ndi yolemera pa tsiku la makolo, ndipo iwo anapumira m'mwamba, poti kuyambira kale ankaopa kuti mafumu adzakhumudwa. Anandiyamikira kuti ndakhwima nzeru. Kuyamikira kumeneko kunandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ndinatolera mapepala onse kwa ana, ndinawatentha padzala kuseri kwa nyumba. M'malo mwake tinachita kasewero kosamba m'manja ndi sopo, ndipo makolo anaomba m'manja monga amaombera chilichonse. A kumudzi kwa azakhali sanabwere, poti mtsikana uja anakana kutenga mbali.

Wovuta anali mtsikanayo. Anakhala masiku osandilankhula, akumangoika chakudya patebulo n'kutuluka. Tsiku lina akusita yunifolomu anandifunsa osandiyang'ana.

"Anti, si inu mumatiuza kuti mkazi asamakhale chete?"

"Ndine."

"Ndiye mwaopa ndani? Mafumu?"

"Ukadzakula udzamvetsa," ndinatero.

Mawu amenewa ndimadana nawo kuyambira ndili mwana. Ndi omwe apongozi a m'buku muja amauza mkaziyo pomumwetsa mizu, ndipo mtsikanayo ankawadziwa, chifukwa anali m'sewero. Anandiyang'ana kamodzi, napitiriza kusita. Ndinalowa kuchipinda nkhope ikutentha.

Chimene chimandisautsa n'chakuti bukulo silinasanduke loipa. Ndinaliwerenganso m'masiku amenewo, ndikufuna kulipeza ndi mabodza, koma ndinapeza kuti zimene ndinalemba ku koleji zambiri zinali zoona. Mkaziyo anamuonadi ngati munda. Azimayi anzake anamugwiradi manja. Atsikana anga a Fomu 3 anaphunziramo zinthu zimene sindikanatha kuwauza ndi pakamwa panga, ndipo ena anayamba kufunsa mafunso kwawo. Komabe mawu abwino koposa m'buku lonselo si a mlembi. Mwini wake ali moyo, amagulitsa mtedza, ndipo palibe anamupempha. Sindinapeze njira yogwirizanitsa ziwirizi, ndipo ndinasiya kuliphunzitsa.

Patapita masabata angapo msuweni wanga anabwera pa njinga ndi thumba la chimanga, chothandizira kudyetsa mwana wake. Ndi munthu wofatsa, wa manja okhakhala, amene sukulu analekezera Fomu 2 bambo ake atayamba kudwala. Pachisuweni timaserewulana, ndipo anafika ndi zomwezo.

"Akazi anga, mwanenepatu. Ndi chimanga changa chomwechi?"

"Chanu chofumbwachi chinganenepetse ndani, amuna anga?" ndinayankha, koma mtima uli m'mwamba. Chiyambire tsiku lija ndinali ndisanamuone, ndipo ndinadzipeza ndikuyang'ana mphuno yake ndi makutu ake, ndikufunafuna nkhope ya munthu wina. Ndinadzinyansa, ndinayang'ana kumbali.

Tinatsitsa thumba, ndinamupatsa madzi, tinakhala pakhonde. Mwana wake anali atapita kumjigo. Tinakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za ng'ombe ya mnansi imene inalowa m'dimba. Kenako anayamba kuzunguza kapu m'manja.

"Ndamva sewero lija munalepheretsa," anatero.

"Eya, nthawi inachepa."

"Munachita bwino, asuweni."

Iye anayang'ana kunjira ya kumjigo, kuona ngati mwanayo akubwera.

"Bukulo kwathu liliko," anatero. "Amalume anawapatsa amayi limodzi litangotuluka. Amayi analikulunga m'kansalu, analisunga pansi pa sutikesi. Alendo akabwera ankalitulutsa, kuwaonetsa chithunzi cha kuchikuto, kuti awa ndi achimwene anga, analemba buku. Nthawi zina ankaligwira chadodolido. M'nyumba monse wodziwa kuwerenga ndinali ine ndekha."

"Munaliwerenga?"

"Chaka chimene ndinasiya sukulu. Ndinkadikirira abambo kuchipatala, ndinalibe chochita. Nditafika pa dibi paja ndinatseka. Kenako ndinatsegulanso." Anamwa madzi otsala. "Abambo anali pabedi pomwepo, akundipempha kuti ndiwatembenuze. Ndinawatembenuza. Anali abambo anga, asuweni, ndipo palibe buku lingasinthe zimenezo."

Ndinafuna kupepesa, m'malo mwa bambo, m'malo mwanga, koma ndinaona kuti iye sanabwerere zimenezo. Misozi inali itayamba kundituluka, ndipo anandidikira mpaka nditapukuta.

"Tsiku lija mwana akunena mawu aja kuseri, ndinaona amayi atasiya kusenda mtedza," anapitiriza. "Ine ndinangopitiriza kupopa njinga, tayala litalimba kale. Lolemba m'mawa akuti ndikupita ku Nathenje kukaona denga la mwana wa achimwene. Ndinawaitanira kabaza ndine."

"Iwo akuti inu musadziwe."

"Ndikudziwa kuti atero. Inunso musawauze kuti ndikudziwa. Akuganiza kuti anandisungira, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene anatsala nacho pa nkhani yonseyi. Musawalande."

Anaimirira, anapinda thumba lopanda kanthu, nalimanga pakaliyala ndi chingwe cha mphira. Ndinamufunsa ngati bukulo likadali m'sutikesi muja.

"Lilimo," anatero. "Sabata yatha analitulutsa. Sanalikulungenso. Anandiitana, analiika m'manja mwanga, akuti kodi iwe unayamba waliwerengapo limeneli?"

"Munati chiyani?"

Anayesa tayala lakumbuyo ndi chala, kenako anakwera.

"Ndinati ayi amayi, zilembo zake n'zazing'ono."